Kuyeza zotsatira za ntchito zaluso ndi zachikhalidwe: njira iti ikuyenera thandizo lanu?

Pulojekiti ikatha, opereka thandizo amafunsa funso limodzi, ngakhale amalivala mawu osiyanasiyana: ndalama zathu zasintha chiyani? Kwa okumba zitsime yankho silivuta, madzi akutuluka kapena sakutuluka. Koma kwa gulu la zisudzo, laibulale, nyumba yosungiramo zinthu zakale, kapena bungwe lojambula mbiri kuchokera pakamwa pa okalamba, yankho silioneka ndi maso. Munthu watuluka muholo ali duu, ndipo simudziwa ngati sewero lamufika pamtima kapena akuganiza za ulendo wobwerera kwawo.

Musanasankhe njira, lekanitsani zinthu zitatu zimene malipoti ambiri amazisokoneza. Choyamba ndi zomwe mwachita: masewero angati, anthu angati, maola angati ojambulidwa. Chachiwiri ndi zotsatira, kutanthauza chimene chasintha mwa munthu: wadziwa zimene sankadziwa, watola luso, wayamba kuchita zimene sankachita. Chachitatu ndi kusintha kwa dera lonse patapita zaka zambiri, komwe thandizo la chaka chimodzi silingakuperekere umboni. Bungwe likalonjeza chachitatu pomwe lingathe kuyeza choyamba chokha, vuto layamba kale tsiku lolemba pempho.

Zoyenera kuunika musanasankhe

Yambani ndi mgwirizano umene munasaina. Mawu amene munalemba mu pempho ndi amene mudzayankhe, ndipo masiku ake ali momwemo. Ku United States, mwachitsanzo, olandira thandizo la boma kuchokera ku National Endowment for the Arts kapena National Endowment for the Humanities amayenera kupereka malipoti omaliza pasanathe masiku 120 nthawi ya pulojekiti itatha, ndipo zikalata zimasungidwa zaka zitatu. Opereka ena ali ndi mafomu awoawo. Ngati fomu ikufuna chiwerengero cha ana osakwana zaka 18, ndipo inu simunafunse zaka pakhomo, palibe nzeru imene ingabweze chiwerengerocho pambuyo pake.

Chachiwiri, umboni ulingane ndi kukula kwa zimene mukunena. Kunena kuti anthu anasangalala kumangofuna mafunso ochepa. Kunena kuti pulojekiti yanu ndi imene yakweza ana m'kalasi kumafuna gulu lina loyerekezera nalo, la ana amene sanachite nawo pulojekitiyo. Chachitatu, dziwani dzina la munthu amene adzagwire ntchitoyo sabata ndi sabata, chifukwa ntchito ya aliyense imagona panja. Alangizi ambiri amati kawuniwuni apatsidwe pakati pa 5 ndi 10 peresenti ya bajeti, ndipo ndalamazo zilembedwe mu pempho, zisadzapemphedwe ntchito ili mkati. Chachinayi ndi mtolo umene mukusenzetsa anthu: wobwera kudzaonera gule asasanduke wolemba mayeso. Chomaliza, funsani ngati zimene mupeze zidzakuthandizeni inuyo kukonza pulogalamu ya chaka chamawa. Muyeso wongosangalatsa opereka thandizo antchito amautaya msanga.

Njira iliyonse tiiona pa mtengo, kupezeka, kusamalira kwake ndi zoopsa zake.

Kuwerenga ndi kaundula

Mtengo: ndi wotsika kuposa njira zonse. Buku la kaundula, kachipangizo kodina m'manja kowerengera anthu pakhomo, ndi fayilo imodzi ya Excel.

Kupezeka: aliyense angayambe lero, ndipo palibe opereka thandizo amene sadzakufunsani manambala amenewa.

Kusamalira: lembani tsiku lomwelo. Gwirizanani tanthauzo la liwu lililonse pulojekiti isanayambe ndipo mulilembe pamwamba pa fayilo: kodi "wotenga nawo mbali" ndi amene wabwera kamodzi, kapena amene wafika magawo atatu mwa anayi a maphunziro onse?

Zoopsa: chachikulu ndi kuwerenga munthu mmodzi kangapo. Ana 20 akabwera maulendo 10, kubwera kwachitika ka 200, koma ana ndi 20 basi. Lembani manambala onse awiri, iliyonse ndi dzina lake. Matikiti ogawidwa si anthu olowa, makamaka aulere, amene ambiri amathera m'matumba. Pa intaneti ndiye pofunika kusamala kwambiri: Facebook ili ndi chiwerengero cha amene aona vidiyo masekondi atatu okha, ndipo kuchiika pamodzi ndi anthu amene anakhala muholo maola awiri n'kudzinamiza. Koposa zonse, kuwerenga kumangonena kuti anthu anabwera, sikunena chimene anapita nacho.

Mafunso olembedwa

Iyi ndi njira imene mabungwe ambiri amathamangira, ndipo ndi imenenso imaonongeka kawirikawiri, choncho tikhalapo pang'ono.

Mtengo: zipangizo sizidula. Google Forms ndi yaulere koma imafuna intaneti. KoboToolbox imalola kudzaza mayankho pafoni popanda netiweki n'kudzatumiza pambuyo pake. Chimene chimadya ndi nthawi ya anthu: kukonza mafunso, kuima pakhomo, kulowetsa za papepala mu kompyuta, kenako kuwerengera. Mafomu 300 a papepala okhala ndi mayankho olemba pamanja si ntchito ya madzulo amodzi.

Kupezeka: simukakamizika kupeka mafunso anuanu. Nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi malaibulale ku Britain akhala akugwiritsa ntchito ndondomeko ya Generic Learning Outcomes, imene inakonzedwa ndi ofufuza a University of Leicester. Imagawa kuphunzira m'mbali zisanu: kudziwa ndi kumvetsa, luso, maganizo ndi zimene munthu amazilemekeza, chisangalalo ndi kutakasuka kwa nzeru zopanga zinthu, ndiponso zimene munthu amachita pambuyo pake. Ubwino wake ndi woti imavomereza kuti kusangalala nakonso ndi chotsatira chenicheni. Bungwe lothandiza zaluso ku England, Arts Council England, linabweretsa Impact & Insight Toolkit, mmene oonera, akatswiri anzanu ndi inu eni mumayankha ziganizo zofanana za ntchito imodzi, kenako n'kuyerekeza. Pa za umoyo wa m'maganizo pali Warwick-Edinburgh Mental Wellbeing Scale, ya ziganizo 14, ndi ina yachidule ya ziganizo 7. Imafuna chilolezo, mawu ake sasinthidwa, ndipo imafunsa za masabata awiri apitawo. N'chifukwa chake imayenera pulogalamu ya miyezi ingapo, siyenera konsati ya usiku umodzi.

Kusamalira: mafunso asapitirire asanu ndi atatu kwa munthu amene waima pakhomo. Funso lililonse lifunse chinthu chimodzi: "Kodi chionetserochi chinali chosangalatsa ndi chophunzitsa?" ndi mafunso awiri obisala m'limodzi, ndipo amene anasangalala osaphunzira kanthu sadziwa poyika chizindikiro. Yesani fomu pa anthu asanu musanasindikize zambiri, muwapemphe anene mokweza mmene akulimvera funso lililonse. Mukakhutira nawo mafunsowo, asiyeni choncho chaka ndi chaka, chifukwa mukasintha liwu limodzi simungayerekezenso ndi zakale. Ngati mukufunsa poyamba ndi pomaliza, munthu aliyense akhale ndi nambala yake yachinsinsi pa mafomu onse awiri, ndipo ndandanda yolumikiza mayina ndi manambala isungidwe kwina. Mafomu oyamba adzazidwe tsiku loyamba phunziro lisanayambe. Kugona pakati n'kuyambirira: sabata yachitatu ikafika, poyambira paja pafufutika.

Zoopsa: amene amayankha mwa kufuna kwawo nthawi zambiri ndi amene anakondwa kale. Wotopa uja anatuluka sewero lili pakati ndipo fomu sanaione. Njira yochepetsera vutoli ndi kupempha munthu wachisanu aliyense wotuluka pakhomo, osasankha nkhope, n'kulembanso chiwerengero cha okana. Kuchuluka kwa mayankho nakonso n'kofunika. Pa anthu osankhidwa mosakondera, mayankho 100 angaphonye ndi pafupifupi 10 peresenti mbali iliyonse, ndipo kuti kuphonyako kutsike kufika pa 5 peresenti pamafunika mayankho pafupifupi 400. Choncho kukwera kuchoka pa 70 kufika pa 74 peresenti pa anthu 60 sikukutanthauza kanthu. Mukakhala ndi anthu ochepera 30, lembani manambala enieni, monga "14 mwa 18", m'malo mwa maperesenti.

Palinso msampha umene umadabwitsa ambiri. Mwana amene sanagwirepo gitala angadzipatse 4 pa 5 tsiku loyamba, kenako patatha miyezi itatu n'kudzipatsa 3, chifukwa tsopano wadziwa kuya kwake kwa luso. Papepala zimaoneka ngati wabwerera m'mbuyo pomwe waphunzira. Mankhwala ake ndi kufunsa zonse ziwiri pomaliza: "Panopa ukudziona pati? Nanga ukakumbukira, usanayambe unali pati?" Njira imeneyi nayo imadalira chikumbumtima ndiponso mtima wofuna kusangalatsa mphunzitsi, koma pa luso lodziyeza wekha imapereka chithunzi chabwinopo.

Nkhani ndi zokambirana

Mtengo: zipangizo n'zochepa, foni yojambula mawu ikukwanira, koma maola ndi ambiri. Kulemba papepala zokambirana za ola limodzi kumatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kwa munthu wolemba pamanja. Zokambirana khumi ndi sabata yathunthu ya munthu mmodzi, asanayambe n'komwe kusanthula.

Kupezeka: pali njira zodziwika zimene malangizo ake amapezeka mwaulere. Most Significant Change anaiyambitsa Rick Davies ku Bangladesh m'zaka za m'ma 1990. Mumafunsa munthu kuti pa zonse zimene zasintha pa nthawi yakutiyakuti, chachikulu kwa iye ndi chiti, ndipo chifukwa chiyani. Kenako kagulu kamawerenga nkhanizo, kusankha imodzi, n'kulemba zifukwa zake. Phindu lenileni lili pa mtsutso wa kagulu kameneka, chifukwa ndi pamene bungwe limazindikira chimene limachiyesa chofunika. Ina ndi Outcome Harvesting, yodziwika ndi dzina la Ricardo Wilson-Grau: mumayamba mwapeza kusintha kumene kwachitika, monga mphunzitsi amene wayamba kugwiritsa ntchito nkhokwe yanu ya mbiri m'kalasi, ndiye n'kutsata m'mbuyo kuti muone gawo lanu, n'kupeza munthu wina wapadera wotsimikizira.

Kusamalira: tolerani nkhani nthawi yoikika, monga miyezi itatu iliyonse, osati sabata ya lipoti. Zokambirana za pagulu zikhale za anthu 6 mpaka 10, wina wotsogolera, wina wolemba. Chilolezo chilembedwe ndipo chinene momveka komwe mawuwo akapezeke: mu lipoti lokha, kapena pa intaneti pomwe. Kwa ana, kholo lisaine ndipo mwanayo avomere yekha.

Zoopsa: kutola nkhani zokoma zokhazokha. Owerenga lipoti odziwa ntchito yawo amazindikira msanga mawu atatu oyamikira osankhidwa mwadala. Nenani kuti munacheza ndi anthu angati, munawasankha bwanji, ndipo phatikizanipo wina amene anasiyira panjira. Mphunzitsi asafunse ophunzira ake, chifukwa palibe amene amanyoza mwini phwando pamaso. Ndipo kufufuta dzina sikokwanira: mukalemba "mayi wa zaka 70 woimba zeze" m'gulu limene muli mmodzi yekha wotero, mwamutchula kale.

Kuona ntchito yeniyeniyo ndi muyeso

Njira iyi imanyalanyazidwa, chikhalirecho ndi imene ili pafupi kwambiri ndi mmene aluso amaganizira. M'malo mofunsa munthu ngati waphunzira, mumaona chimene wapanga.

Mtengo: wapakatikati. Masiku awiri kapena atatu okonza muyeso, kenako maola a oweruza awiri.

Kupezeka: luso lake lili kale m'bungwe mwanu, mwa aphunzitsi ndi aluso. Sankhani mbali zitatu kapena zinayi, ndipo iliyonse ikhale ndi masitepe anayi ofotokozedwa ndi zooneka. Pa zisudzo, sitepe yoyamba ingakhale "mawu samveka kupitirira mzere wachitatu wa mipando", yachinayi "amamveka mpaka kumbuyo ndipo amasintha liwu mogwirizana ndi zochitika". Mawu ngati "bwino" ndi "bwino kwambiri" sayeza kanthu.

Kusamalira: sungani ntchito ya sabata yoyamba ndi ya sabata yomaliza ya munthu aliyense, kaya ndakatulo, chojambula kapena vidiyo ya mphindi ziwiri. Oweruza awiri ayambe ndi ntchito khumi zofanana, aliyense payekha, kenako ayerekeze. Akasiyana ndi masitepe awiri, vuto lili m'mawu a muyeso, akonzedwe asanapitirire.

Zoopsa: woweruza akadziwa kuti iyi ndi ntchito yomaliza, dzanja limapita lokha pa malikisi okwera, choncho sakanizani ntchitozo ndi kubisa masiku. Choopsa china ndi chakuti aphunzitsi angayambe kuphunzitsa zokhazo zili pa muyeso, ndipo mwana woyesa zachilendo n'kumalandira malikisi otsika. Ikanipo mbali imodzi yoona kulimba mtima poyesa zatsopano.

Katswiri wakunja ndi gulu loyerekezera

Mtengo: ndi wokwera, ndipo umakwererabe mukafuna gulu loyerekezera, chifukwa mukuyeza anthu owirikiza kawiri. Antchito anu nawonso adzataya nthawi kusonkhanitsa zikalata ndi kukonza maulendo.

Kupezeka: akatswiri alipo m'mayunivesite ndi m'makampani a ulangizi, koma omvetsa zaluso ndi ochepa. Pemphani malipoti awiri amene analemba kale muwerenge. Kafukufuku wa mtundu uwu amatheka pamene ofuna malo achuluka kuposa malowo. Ndi mmene zinachitikira ku Crystal Bridges Museum of American Art ku Arkansas, imene inatsegulidwa mu 2011: masukulu ofuna kudzaona anachuluka, maere anasankha oyamba kupita, ndipo ofufuza anayerekeza ana opita ndi odikira. Ku Houston, Daniel Bowen ndi Brian Kisida anachita kafukufuku wofanana pa maphunziro a zaluso m'masukulu 42 ndi ana oposa 10,000. Anapeza kuti milandu yophwanya malamulo a sukulu inachepa, kalembedwe kanapita patsogolo, ndipo chifundo pa ena chinakula, koma pa masamu ndi kuwerenga sanapeze kusintha kodalirika. Amene akufuna kulonjeza kuti ng'oma zidzakweza masamu aganizire zimenezi kawiri.

Kusamalira: katswiri abwere pulojekiti isanayambe. Mu kontirakiti mulembedwe mwini wa zotoleredwazo, tsiku loona lipoti losamalizidwa, ndi zida zimene adzakusiyireni kuti mudzapitirize nokha.

Zoopsa: woitanidwa mwezi womaliza alibe poyambira, amangolemba mwaluso zimene mukanalemba nokha. Gulu laling'ono nalo limapweteka: ana 25 mbali iyi ndi 25 mbali inayo angabise kusintha kumene kulipodi, lipoti n'kunena kuti palibe umboni, owerenga n'kumva ngati palibe phindu. Walira mvula walira matope: mukaitana woweruza woima payekha, vomerezani kuti adzalemba ndi zosakoma zomwe.

Kusandutsa phindu kukhala ndalama

Njira ya Social Return on Investment inayambira ku bungwe la REDF ku San Francisco m'zaka za m'ma 1990, ndipo inafala kwambiri ku Britain. Imapereka mtengo wa ndalama pa chotsatira chilichonse n'kutulutsa nambala imodzi yonena kuti ndalama imodzi yolowa yabala zingati.

Mtengo wake ndi wokwera, ndipo kupezeka kwake kumadalira munthu wophunzitsidwa bwino komanso umboni wa zotsatira umene muyenera kukhala nawo kale kuchokera ku njira zina zija. Kusamalira kumafuna kuwerengeranso nthawi iliyonse mitengo yoyerekezera ikasintha. Zoopsa ndi zazikulu. Muyenera kuchotsera zimene zikanachitika ngakhale popanda inu, gawo la ena amene anathandizapo, ndi kuzilala kwa phindu chaka ndi chaka, ndipo kusuntha pang'ono chimodzi mwa zimenezi kumasintha nambala yonse. Manambala a mabungwe awiri sayerekezeka. Pa ntchito yophunzitsa luso lopezera ntchito njirayi ili ndi malo ake. Pa kusunga chinenero chimene chikutha, kuika mtengo pa nthano ya agogo kumachepetsa chinthu chimene mukufuna kuchikweza, ndipo maganizo athu ndi akuti muipewe pokhapokha opereka thandizo ataifuna ndi kuilipira.

Polemba lipoti

Njira iliyonse imene mwasankha, ikani pamodzi zinthu zinayi pa lonjezo lililonse: chimene munalonjeza, mmene munayezera, chimene mwapeza, ndi chifukwa cha kusiyana ngati kulipo. Nambala iliyonse iyende ndi chiwerengero cha amene anayankha. Lembani kuti "ophunzira ananena kuti" pamene umboni ndi mawu awo, ndipo mawu oti "pulojekiti yachititsa" muwasungire pamene pali gulu loyerekezera. Lipoti la ndalama ligwirizane ndi la mawu: mukati munachita maphunziro asanu ndi atatu, malisiti a holo asaonetse asanu. Zinthu zikasintha pakati pa chaka, dziwitsani opereka thandizo nthawi yomweyo ndipo chilolezo chawo chikhale cholembedwa.

Iti kwa ndani

Chikondwerero cha masiku awiri kapena chionetsero chosakhalitsa: kuwerenga kosamala pakhomo ndi mafunso asanu kwa munthu wachisanu aliyense. Musalonjeze kusintha kwa moyo wa munthu chifukwa cha madzulo amodzi.

Maphunziro a miyezi ingapo a gulu la anthu 15 mpaka 40: kaundula, ntchito yoyamba ndi yomaliza yoyezedwa ndi muyeso, ndi zokambirana ndi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo wosiyira panjira. Apa mafunso a maperesenti sathandiza kwenikweni chifukwa anthu ndi ochepa. Ngati cholinga ndi umoyo wa m'maganizo, wonjezerani muyeso wa Warwick-Edinburgh uja tsiku loyamba ndi lomaliza, ndipo konzekeranitu kumene mungatumize munthu amene mayankho ake akusonyeza kuti akuvutika.

Ntchito yogwira ndi anthu a m'dera, imene simungadziwiretu komwe ithere: Most Significant Change miyezi itatu iliyonse, pamodzi ndi manambala a obwera.

Bungwe limene likufuna kufalitsa pulogalamu yake m'masukulu ambiri, ndipo ofuna malo achuluka kale: apa pokha ndi pamene katswiri wakunja ndi maere zimabweza ndalama zake, ndipo zilembedwe mu bajeti ya pempho.

Nkhokwe za mbiri, mabuku otanthauzira mawu ndi kafukufuku wa zolembalemba zili ndi vuto lawolawo, loti zipatso zimabwera thandizo litatha kale. M'chaka cha pulojekiti nenani zimene zatheka: maola ojambulidwa, angati alembedwa papepala, angati ali ndi chilolezo chosainidwa, angati munthu wakunja angawapeze. Kenako tsegulani kaundula wa ogwiritsa ntchito, wolemba tsiku, mtundu wa munthu ndi chimene amafuna, ndipo pemphani opereka thandizo kuti mudzawatumizire tsamba limodzi patatha chaka ndi lina patatha zaka ziwiri, lonena maphunziro, mabuku ndi mapulogalamu a wailesi amene atunga m'nkhokwemo.